Memo Yanga Yokhudza Nkhonya

Ndiyambe ndi kuulula: memo ija ndinailemba pofuna kuteteza mpando wanga, osati chifukwa cha chilungamo monga ndinanenera pa tebulo.

Tinasamukira ku esiteti ya tiyi ku Thyolo mwana wanga woyamba ali ndi miyezi inayi. Bambo ake anali atapeza ntchito ku fakitale, mbali youmitsa masamba, ndipo anatipatsa nyumba ya njerwa m'mphepete mwa munda. Setifiketi yanga ya usekilitale inali m'sutikesi, pansi pa matewera. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Thyolo ndinalibe mbale, ndipo anansi anga nkhani ikakoma ankaimalizira m'Chilomwe. Tsiku lonse ndinkakhala ndi khanda ndi mantha anga. Mwana akagona kwambiri ndinkamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Akapanda kugona ndinkathamangira ku kiliniki, mpaka anesi anayamba kundilandira ndili kutali: "Lero watani mwanathu, wayetsemula?"

Loweruka masana ndiye ndinkapumako. Mphunzitsi wina wa pasukulu ya pa esiteti, wochokera kumpoto, anali ndi buku la masewero lomwe anachita fotokope ali ku koleji, ndi kathumba ka madayisi odabwitsa, ena a mbali zinayi, ina ya mbali makumi awiri. Masewero ake ndi otere: aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wolembedwa papepala pamodzi ndi katundu wake ndi nambala ya mphamvu zake, zomwe zikatha ndiye kuti wafa. Aphunzitsi amafotokoza dziko lomwe anthuwo akuyendamo. Iwe umanena chomwe munthu wako achite, n'kuponya dayisi kuti uone ngati zatheka. M'bukumo munali amatsenga ambirimbiri, koma aphunzitsi anawachotsa onse, chifukwa mmodzi wa osewera anali akapitawo a kumunda, mkulu wa mpingo, ndipo sankafuna kuti abusa amve zoti Loweruka iwo amasanduka mfiti.

Aphunzitsi ankati mutu wawo sungayendetse anthu opitirira atatu. Choncho anabwereka lamulo la pa bawo: munthu wako akafa, umadzuka, wodikira akhalepo. Ine ndinalowa motero. Adalaivala a thirakitala analumphitsira munthu wawo m'chitsime osayamba aponyamo mwala, ndipo ine, amene ndinali nditangoperekeza bambo a mwana, ndinauzidwa kuti, "Alamu, sendezani mpando." Anandipatsa mkazi wosaka nyama, wa mkondo wautali. Kuyambira tsiku limenelo adalaivala ankakhala pa benchi kukhonde kwa aphunzitsi, akusenda mtedza, akundifunsa mwaulemu sabata iliyonse ngati mlenje wanga wadzuka bwino.

Musandiseke, mkazi ameneyu ndinkamukonda. Sankaika chala pamphuno ya munthu aliyense. Ankalowa m'phanga ali patsogolo. Pa tebulo limenelo amuna atatu ankakhala chete kudikira kuti ine ndinene maganizo anga, chinthu chomwe sichinkachitika kwina kulikonse m'boma lonse la Thyolo.

Tsoka linabwera mwezi wa chiperoni. Mwana anatsokomola kamodzi kumsana kwanga, ndipo ine ndinadzuka kukamuyang'ana mkamwa pamalo owala. Ndinauza bambo ake kuti andigwirire mlenje wanga kwa mphindi zisanu. Pobwerera ndinapeza onse akuyang'ana pansi. Bambowo anali ataona ng'ona mumtsinje wa m'nkhaniyo, ng'ona yomwe sinalakwire munthu, n'kuiponyera mkondo wanga. Anaiphonya. Mkondo unapita ndi madzi. Ndisanamalize kuwayang'ana, mlenje wanga anawoloka mlatho wa zingwe, mlatho unaduka kumbuyo kwake, anzake n'kutsala tsidya lina. Kutsogolo kwake kunaima mlonda wa mfumu, chimunthu chonyamula chikwanje.

"Tilekezere pomwepa," anatero aphunzitsi akutseka buku. "Sabata yamawa."

Adalaivala anandipatsa mtedza wosendasenda dzanja lonse, ngati mmene amachitira munthu pamaliro.

Ndinabwereka bukulo. Lolemba, mwana atagona, ndinapeza tsamba lonena za kumenyana wopanda chida, ndipo mtima unandigwa. Nkhonya inkachotsa mphamvu imodzi yokha, ngakhale woiponyayo akhale wojintcha bwanji. Wa chida ndiye ankayamba kumenya. Za kugwira mdani mkono kapena kumugwetsa munalibe n'komwe. Mlenje wanga anali atatsala ndi mphamvu zisanu ndi imodzi, mlonda uja anali nazo makumi awiri. Ndiye kuti ndimumenye kamakumi awiri, iye ataima phee ndi chikwanje chake ngati akudikira basi ya ku Limbe. Ndipo ndikadzuka pa mpandowo ndinkadziwa kuti sindibwererapo msanga. Munthu wa akapitawo ankayenda atavala zitsulo thupi lonse, wa bambo a mwana ankakonda kuima kumbuyo. Amenewo sanali anthu oti angafe chaka chimenecho.

Lachitatu ndinatulutsa mapepala ndi kaboni. Taipilaita ndinalibe, koma kalembedwe ka memo ndinali ndisanaiwale: kuchokera kwa, kupita kwa, tsiku, mutu wa nkhani wodulidwa mzere kunsi. Ndinapempha zinthu zitatu. Nkhonya iziponyeredwa dayisi ya mbali zinayi. Wopanda chida aziloledwa kugwira dzanja la mdani, ndipo akapambana chida chizigwa pansi. Aziloledwanso kumukola mwendo n'kumugwetsa. Pamapeto ndinalemba kuti kusinthaku n'kokomera osewera onse, a lero ndi a m'tsogolo. Pamenepo cholembera chinachita manyazi, koma ndinapitiriza. Ndinaikamonso mawu oti "ufulu" kawiri, poti masiku amenewo chilichonse chokhala ndi mawu amenewa chinkadutsa.

Bambo a mwana anawerenga ali chiimire. "Amake mwana, zonsezi chifukwa cha mkondo?"

"Mkondo wake uti? Uja munapatsa ng'ona?"

Anangopita kukasamba.

Loweruka ndinagawa makope. Aphunzitsi anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, akuima pa mfundo iliyonse ngati akuchonga mayeso. Adalaivala anapempha kuti nawonso alankhulepo.

"A pa benchi savota," anatero akapitawo.

"Sindikuvota, ndikungodabwa. Miyezi yonseyi nkhonya inali bwinobwino. Yayamba kudwala Loweruka lapitali?"

"Lamulo loipa limaoneka likakugwera," ndinatero ine, nkhope ili gwa.

Aphunzitsi anati vuto lawo linali limodzi: olemba bukulo ayenera kuti anaganiza bwino. Munthu wa manja okha sangalande chida kwa munthu wokonzeka. Akapitawo anang'ung'udza kena kake m'Chilomwe, kenako anafunsa ngati olembawo anawetako mbuzi. Anati kwawo kwa Mphuka, ali anyamata, ankalimbana kudambo tsiku lililonse, ndipo wobwera ndi ndodo ndiye ankapita kwawo akulira.

"Zimenezo ndi nkhani za akuluakulu," anatero bambo a mwana.

Akapitawo anadzuka. "Tiyeni pa kapinga, achimwene. Kuno ku esiteti mbewu yatsopano sitiikhulupirira pakamwa. Timayamba taiyesa pa kamunda kakang'ono."

Akapitawo sankasiyana ndi ndodo yawo yoyezera msinkhu wa tiyi, ija amaigoneka pamwamba pa mitengo kuti aone ngati othyola asiya munda uli wosalala. Anaipereka kwa bambo a mwana, akapitawowo n'kuvula jekete, kulipinda bwinobwino, kuliika pa mpando. Anali munthu wa zaka zoposa makumi asanu, wa mimba yake ndithu. Ine mantha anandigwira mwa mtundu wina: nanga wina akathyoka, ku kiliniki ndikanena kuti chiyani, kuti ndi memo yanga?

Sizinatenge nthawi. Bambo a mwana anatukula ndodo, ndipo ndisanaone chomwe chachitika anali atakhala pansi, ndodo ili m'manja mwa mwini wake. Bambowo anati anaterereka, kapinga ananyowa ndi nkhungu. Anabwereza. Ulendo wachiwiri anagona chagada. Wachitatu anakana, amvekere mawa kuli tchalitchi ndipo thalauzi ndi lomwelo. Amayi awiri amene ankadutsa ndi nkhuni anaima pamsewu, mmodzi n'kufunsa ngati aitane alonda.

"Ayi mayi, ndi sukulu," anayankha aphunzitsi.

Tinavota. Akapitawo anakweza dzanja akupumira m'mwamba. Ine ndinakweza. Bambo a mwana anayang'ana thalauzi lawo, anayang'ana ine, n'kukweza. Aphunzitsi analemba m'mphepete mwa tsamba kuti mfundo zonse zitatu zavomerezedwa. Ndinamva kupepuka thupi lonse. Ndinali nditayamba kale kusankha dzanja la mlonda loti ndigwire.

"Ndiye liyamba liti?" anafunsa akapitawo akuvala jekete.

"Lero," ndinatero.

"Iyayi, mayi. Munaona kuti lamulo latsopano likuyamba pakati pa sizoni? Ngakhale kathyoledwe kakasintha, timalengeza nthawi yodulira mitengo, anthu azolowere, n'kudzayamba ndi mvula yoyamba. Ukasintha pakati, amene anathyola dzulo amati waberedwa."

Sankandichitira nkhanza. Munthuyo ankangonena mmene dziko limayendera, ndipo onse okhala pa tebulopo anali anthu a pa esiteti. Aphunzitsi anagwedeza mutu, amvekere nawonso silabasi sasintha pakati pa teremu. Bambo a mwana anayamba kugwedeza nawo, kenako anakumbukira kuti tibwerera nyumba imodzi, n'kusiya. Anagwirizana kuti lamulo langa lidzayambe nkhani imene tinali mkati mwakeyo ikadzatha. Ndikanatsutsa bwanji, ine mwini nditalemba ndi dzanja langa kuti n'zokomera a m'tsogolo?

Adalaivala anakutumula makoko a mtedza pa malaya, n'kusendeza benchi pafupi.

"Chabwino," anatero aphunzitsi akutsegula buku. "Mlatho waduka. Mlonda watukula chikwanje. Mlenje akutani?"

Ndinayang'ana pepala langa. Mphamvu zisanu ndi imodzi, chingwe chachifupi, nyama youma. Mwana anali atadzuka, akundikoka ndolo. Sabata yonse ndinkaganiza za mmene ndingapambanire, ndipo apa m'pamene ndinadzifunsa chomwe ineyo, osati mlenje, ndingachite nditakumana ndi chimunthu cha chikwanje ndili ndekha. Yankho lake silinali la ulemerero.

"Akugwada," ndinatero. "Akukweza manja. Akuti, pepani bambo, ndasochera, ndimangeni."

Aphunzitsi anatsegula tsamba lina, n'kutsegulanso lina, mpaka kumapeto kwa buku kumene fotokope inatuluka yakuda.

"Chiyambire palibe anagonjapo," anatero. "Amuna awa amangofa."

"Ndiye kubera kumeneko," anatero adalaivala. "Masewero ndi omenyana."

"A pa benchi," anatero akapitawo, osatembenuka n'komwe.

Aphunzitsi anaganiza kwa kanthawi, akugogoda magalasi pa mano. Kenako anati mlondanso ndi munthu wolembedwa ntchito, ndipo wolembedwa ntchito aliyense amakonda kupititsa nkhani kwa abwana kusiyana n'kuimaliza yekha. Anandipatsa dayisi ya mbali makumi awiri. Ikagwa pa khumi kapena kupitirira, mlonda andimanga. Ikachepera, chikwanje chitsika.

Ndinaiponya mwamphamvu moti dayisi inadumpha tebulo n'kugubuduzikira pansi pa benchi. Palibe anasuntha. Adalaivala anawerama, anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amawerengera nambala, kenako anadzuka.

"Khumi ndi ziwiri," anatero. "Ndikanatha kunama, alamu. Mudzakumbukire."

Mlenje wanga anamangidwa ndi chingwe chake chomwe, n'kuponyedwa m'chipinda cha pansi pa nyumba ya mfumu. Amuna awiri aja tsidya lina anayamba kukangana ngati n'koyenera kukamupulumutsa kapena kuyamba afunafuna chuma, ndipo mkanganowo unatenga Maloweruka atatu. Ine ndinalibe nazo ntchito. Wamndende ndi wamoyo, ndipo wamoyo sadzuka pa mpando. Nthawi yanga ikakwana aphunzitsi ankatembenukira kwa ine monga mwa masiku onse, amuna onse n'kukhala chete.

"Mlenje akutani?"

"Akufunsa mlonda kuti kwawo n'kuti, ndiponso ngati ali ndi ana."

Aphunzitsi ankapumira m'mwamba, n'kuyamba kupeka mudzi wa mlonda pomwepo.