Kanthu ngati diso la usipa

Lero Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, ndikukulemberani inu Ada Longwe amuna anga, poti mtima wakana kukhala pansi. Mukukumbuka adokotala atapeza kachotupa m'mapapo mwanu, n'kunena kuti mukaunikidwenso ku Mzuzu? Tinali titakwera kale minibasi pa boma, koma mutangomva kuti usipa wachuluka ku gombe la Chikale, munatsika. Mumvekere, "Kanthu ngati diso la usipa, kosapweteka n'komwe, kangaphe msodzi?" Kanakula, kanakutengani.

Makani anuwo munasiyira mwana wanu Yotamu. Nayenso amupeza nako, akuyankhula ngati inu, foni yanga sakuyankha. Inu anthu mukuwerenga uthengawu, tumiziranani mpaka umupeze kunyanjako. Mawa akwera minibasi ya ku Mzuzu, ine ndikhala mpando wa pachitseko, tione potsikira pake.