Chishango cha Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna anali mkulu wa mpingo kwathu ku Kasenengwa, ndipo Lamulungu lililonse ankadzudzula ingoma, gule wa Angoni amene amavina atanyamula zishango. Koma nyimbo zake zikamveka patali, phazi lawo linkagunda pansi lokha. Malemu mkazi wanga ankati phazi limenelo silinabatizidwe.

Chaka chimene tinalandira mwana wachiwiri, ng'ombe yawo yamawanga inafa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno. Kapitawo wa ziweto wochokera ku Boma anati matendawo amapha ndi anthu omwe, ng'ombeyo ikwiriridwe yathunthu. Apongozi anavomera mwaulemu, nam'perekeza mpaka kumsewu. Pobwerako ananola mpeni. Nyama anaikwirira ndithu, koma anati Mngoni wokwirira chikopa chokongola chotere akunyoza Mlengi amene anachijambula. Anachikhomera kuseri kwa nkhokwe kuti apange chishango, ati chongopachika m'nyumba. Ine ndinaona, koma mkamwini ali ndi maso okha, pakamwa alibe.

Sabata isanathe, pamkono pawo panatuluka chilonda chakuda pakati ngati khala, mkono wonse n'kutupa. Ndinawakweza panjinga kupita kuchipatala cha mishoni. Tsoka lake, wothandiza dokotala kumeneko anali mkulu wa mpingo mnzawo. Atawafunsa, apongozi anati analasidwa ndi minga.

"Ngati ndi minga, akulu, ndikupakani mankhwala mubwerere kwanu," anatero munthuyo. "Ngati mwagwira ng'ombe yofa yokha, nenani tsopano, pakuti Lachisanu tidzakhala tikukuimbirani nyimbo za maliro."

Apongozi anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga, ndikupemphera.

"Chikopa chokha," anatero potsiriza.

"Cha ntchito yanji?"

"Chishango."

Anagona m'chipatala masabata atatu. Dokotala anadula chilonda chija, ndipo kubuula kwawo kunaposa maulaliki awo onse. Chikopa ndinachitentha ine, nditachinyamula ndi mitengo iwiri, mkazi wanga ataima patali akundilangiza ngati kapitawo. Mpingo unawaimitsa Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, osati chifukwa cha ng'ombe, koma chifukwa cha chishango.

Anakhalanso ndi moyo zaka zambiri, mkono uli wawo, pali chipsera chachikulu. Za ingoma sanalalikirenso. Phazi lija linapitiriza kugunda pansi, ndipo iwo analeka kulibisa kunsi kwa mpando.