Mawu a Obed Amafikira kwa Rute

Anangozo a ku Kandeu analera mwana wawo Obed okha, ndi khasu komanso mbatata ya kachewere. Obed atapita ku Joni kukagwira ntchito, ankawaimbira Lamulungu lililonse pa kafoni kawo kamabatani. Koma chikwatirireni Rute, kafoniko kanangoti zii. Masiku ano amaimba pa WhatsApp, pa foni yaikulu ya mkazi wake, ndipo mayi womubala amachita kukakhala pakhonde la mpongozi kudikira kuti apatsiridwe.

Tsiku lina zinawakwana. "Kodi foni yangayi inalakwanji?"

"Sinalakwe, amayi," anayankha Rute mwaulemu. "Kungoti ilibe intaneti. Pa WhatsApp mawu amagawidwa tizidutswa, n'kuyenda pa intaneti ngati matumba a kachewere okwezedwa m'malole osiyanasiyana. Akafika mufoni muno amalumikizananso. N'chifukwa chake kuimba chonchi sikukwera mtengo, ngakhale munthu ali kutali."

Anangozo anayang'ana foniyo, kenako chitenje chatsopano chimene Rute anavala.

"Ndamva," anatero akudzambatuka. "Ine ndinamubala wathunthu. Lero akubwera zidutswazidutswa, ndipo matumba onse akutsikira pakhomo panu."