Nkhata ya Abiti Juma ndi diso la nkhwazi

Fungo la sipiriti likandipeza, ngakhale kuchipatala, mtima umathamangira pakhonde la agogo anga ku Liwonde, m'mawa utsi wa owamba nsomba ukukwawa kuchokera kudooko, sitima ikulira chapatali, agogo aamuna, Che Saidi, ali pamkeka kupukuta lenzi ya kamera yawo ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi sipiriti ngati akusambitsa khanda. Inali lenzi yaitali kuposa mkono wanga, yolemera zedi. Anawatumizira ndi amalume a ku Joni, podziwa kuti bambo awo, amene anakalambira pa ntchito yoyendetsa boti la alendo pa Shire, ankakonda mbalame zamoyo, osati za m'mbale.

Chimene agogo aamunawo ankafuna chinali chimodzi: nkhwazi imene inkatera pamtengo wouma m'mphepete mwa mtsinje ioneke bwinobwino mpaka diso. Koma manja awo anali atayamba kunjenjemera, ndipo lenzi yaitali ilibe chisoni, dzanja likangogwedera pang'ono chithunzi chonse chimasanduka phala. Tsiku ndi tsiku ankabwerako ndi nkhwazi za mitu iwiri. Ankadzudzula fumbi, ankadzudzula dzuwa, ankadzudzula amalume kuti anagula yotchipa. Manja okha sankawatchula. Anayesa kuitsamiritsa pachishalo cha njinga, njinga inagwera m'matope.

Agogo aakazi, Abiti Juma, amene pakamwa pawo sipankapuma kuyambira mbandakucha, ankaseka mpaka misozi. "Imeneyi ndi nkhwazi kapena chigumu chonyowa?"

Tsiku lina agogo aamuna anakulunga lenzi ija m'chitenje n'kuikankhira kunsi kwa bedi. "Basi. Kumtsinje sindipitanso." Anangokhala pakhonde ndwii. Ine ndinachita mantha, chifukwa agogo osanunkha matope a mtsinje sindinkawadziwa. Abiti Juma nawonso kuseka kunawathera.

M'mawa wina anatulukira atapota nkhata yansalu. "Dzukani, inu. Mutu uwu wasenza ndowa kuyambira ndili mtsikana, osataya ndi dontho lomwe. Chitsulo chanucho n'chiyani?"

Tinapita tonse atatu. Abiti Juma anakhala pansi pafupi ndi bango, miyendo atatambasula, msana uli njo, nkhata pamutu. Agogo aamuna anagwada kumbuyo kwawo n'kusanjika lenzi pankhatapo. Asodzi anasiya kusoka maukonde n'kuyamba kuseka, wina akufunsa ngati tabwera kudzawombera mvuu.

"Yafika? Ikutani? Inu, mpango wangawu musaudetse!" anatero Abiti Juma.

"Abiti, mukamayankhula mutu ukugwedera."

"Ndiye ndisapume?"

"Pumani, mayi, koma pakamwa pokha tsekani. Chonde."

Anakhala chete. Zoona, Abiti Juma anakhala chete! Ndinamva madzi akukhudza bango, mvuu ikufwenthera kutali, kenaka kamera inati tcha, tcha. Agogo aamuna anakuza chithunzi pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, n'kuchikuzanso. Nthenga iliyonse yoyera ya pamutu inkaoneka payokhapayokha, ndipo m'diso la nkhwazi munali kadontho ka dzuwa. Anafuula kuti "Alhamdulillah!" mokweza moti mwini diso anathawa. Ine ndinalumphalumpha ndi chimwemwe.

"Mwaiona ntchito yanga?" anatero Abiti Juma kwa asodzi aja, akutikita khosi. Kuyambira tsikulo ankapita limodzi kumtsinje, agogo aakazi akudandaula za khosi njira yonse, koma oyamba kudzuka anali iwo omwewo.

Onse awiri anatisiya, koma chithunzicho chili pakhoma kwanga ku Balaka, ndipo ndikachiyang'ana ndimawasowa uku ndikumwetulira. Alendo amafunsa kuti anajambula ndani. Ndimati agogo anga. Akafunsanso kuti aamuna kapena aakazi, ndimawauza kuti onse: wina anatsinzina diso, wina anatseka pakamwa.