Mabowo a Gordon Harawa

Ine ndimawotcherera zitsulo pa Rumphi Boma, kuseri kwa msika, ndipo khoma la shedi yanga ndi limodzi ndi la a Gordon Harawa. Ndinabwera kuchokera ku Ntcheu ndilibe imvi ndi imodzi yomwe, iwo n'kuwapeza ali kale pamenepo ataweramira makina awo obowolera zitsulo. Sindinawaonepo akuthamangira ntchito. Munthu abwere thukuta lili kamukamu, chigayo chaima, amayi akudikira ndi matumba a chimanga, a Harawa amayamba apukuta kaye m'manja, kenako n'kupukutanso chitsulocho.

Ntchito yawo ndi mabowo basi. Ndakhala ndikuwaseka kuti ena timalumikiza zitsulo, iwo moyo wawo wonse akugulitsa malo opanda kanthu. Koma m'kati mwa chigayo muli mbale zachitsulo zozungulira zondondozana, ndipo ndodo zogwira mahamala ophwanya chimanga zimadutsa m'mabowo a mbale zonsezo. Bowo limodzi likangopatuka pang'ono ngati chikhadabo, ndodo imakana kulowa. Ukaikakamiza ndi nyundo, chigayo chimanjenjemera mpaka kudzipha chokha.

Kabowoledwe kawo n'kotopetsa kuonerera. Amakanda mizere iwiri yopingasana pachitsulo, pamene yakumanirana n'kudindapo kadontho ndi panchi, kachitsulo kosongoka komenya ndi nyundo. Amaboola kabowo kakang'ono, n'kukakulitsa, n'kukawongola m'mbali. Pomaliza penipeni ndi pomwe amalowetsa rima, kachitsulo ka mano ataliatali kosalaza bowo kuti ndodo ilowe mothina bwino. Marima awo amawakulunga m'nsalu yamafuta, ndipo sangabwereke munthu, ngakhale akhale abusa a mpingo wawo.

Zaka izi ntchito yawachepera. Magetsi amabwera ndi kupita mmene afunira, eni zigayo ambiri amangokagula zitsulo zopangiratu ku Mzuzu. Otsala ndi akale omwe amalumbirira dzina la Harawa. Dzinalo ndiye katundu yekhayo amene ali naye, chifukwa makinawo ndi okalamba kuposa ine. Tsono maso awo ayamba ng'ala. Sananene kwa munthu, koma ine wokhala nawo khoma limodzi ndinkaona. Ankatulukira ndi chitsulo pakhomo kufuna dzuwa, n'kumasaka kadontho ka panchi ndi chala. Tonse awiri tinkadziwa kuti eni zigayo akangomva, pakhomopo pamera udzu.

Nyengo ya mvula yapitayi kunabwera mayi Dinah Msiska a ku Nchenachena, mwini chigayo chimene mudzi wonse umagayitsako. Anafika matope mpaka m'maondo, mbale zatsopano zosaboola zili m'thumba pamodzi ndi ndodo zake.

"Adada, ku Mzuzu n'kutali chomene," anatero mayiwo. "Chigayo chija munachikonza ndinu kale. Anthu akusinja pamtondo kumtunda kuja."

"Yewo, amama, zisiyeni," anayankha a Harawa. Ine ndinayang'ana kumbali.

Anaigwira ntchitoyo pafupifupi sabata yathunthu, kudikira magetsi ndi kudikira dzuwa, zinthu ziwiri zosagwirizana nthawi ya mvula. Tsiku lina masana ndinamva makina asiya kulira, koma nyimbo ya tchalitchi imene amaimbira m'mphuno akamaliza ntchito sinamveke. Ndinalowa. Mbale anali ataziyala bwinobwino, ndodo zinzake zitalowa, imodzi yokha itaima pakati. Ndinasuzumira bowolo. Linali losalala, lonyezimira, lokongola kuposa onse. Koma mizere yokanda ija inkaonekera pambali pake. Panchi anaidinda pambali pa pokumanira mizere.

"A Chimbalanga, tandionereni," anatero. "Lili pa mzere?"

Ndinalakalaka kunama. "Ayi, adada. Lapatuka."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza nthawi. "Rima ilibe maso," anatero. "Imangotsata bowo lomwe yapeza. Likakhala polakwika, imakusalazira pomwepo."

Ndinawauza nzeru zanga za wowotcherera: nditseke bowolo ndi moto, tipale, aboolenso. Anakana kuti moto upinda mbale, ndipo ngakhale isapindike, adzadinda panchi ndi maso omwewo. Ndinati nanga ndidinde ndine. Anayang'ana manja anga, n'kuseka pang'ono. Sindinakwiye, manja anga ndimawadziwa. Nyundo inali pomwepo patebulo, ndipo kumenya kamodzi kokha ndodoyo ikanalowa, mayi Msiska osadziwa kanthu mpaka chigayo chitayamba kuvina miyezi ikubwerayi. Nyundoyo a Harawa sanaikhudze. Anangokhala pampando, atatopa kutopa kumene sindinakuonepo pankhope pawo. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

M'mawa mwake a Harawa anaimbira foni mayi Msiska ine ndili pomwepo. Sananamizire magetsi kapena chitsulo. Anati bowo lalakwika, wolakwitsa ndi iwo, ndipo mbale zipita ku Mzuzu kwa munthu amene iwo anamuphunzitsa ntchito kalekale. Mayiwo anati, "Yewo, adada, ndapulika," kutanthauza kuti amva. Nkhani yotere ku Nchenachena siigona m'nyumba imodzi.

Atadula foni, a Harawa anamanga mbalezo m'thumba, n'kumangirira bwino ndi chingwe. Anandipempha kuti ndiwanyamulire kudepoti, ndikalikweze minibasi ya ku Mzuzu. Ndinaganiza kuti n'chifukwa cholemera, ndipo ndinawaseka kuti ukalamba wafika. Sanaseke.

"Sindikufuna anthu andione ndikutumiza mabowo ku Mzuzu," anatero.

Ndinasenza thumbalo. Nditafika pokhotera kumsika ndinacheuka, ndipo ndinawaona akukoka chitseko cha shedi yawo, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe, magetsi ali oyaka.