Chaka chimene ndinkafunsa za uinjiniya pa kabaza

Chaka chimene mlongo wanga anakhoza mayeso a folomu folo, ine ndinali wakabaza pa Mpamba. Sukulu ndinaisiyira panjira chifukwa masamu ndi ine sitinkamwerana madzi, koma iye ankawamva ngati nyimbo. Ankafuna kupita ku yunivesite, akaphunzire uinjiniya womanga milatho. Bambo athu, amene anachoka ku Thyolo kudzacheka mitengo ya labala ku esiteti, anandipatsa ntchito. "Iwe umanyamula anthu ophunzira," anatero. "Uziwafunsa ngati mapointi a mwanayu akukwana."

Ndinkafunsadi. Munthu wa nsapato zopolisha akangokwera, ndisanapalase n'komwe kawiri ndayamba kale. Mphunzitsi wina wa pulayimale anati alowa mosavuta, atsikana amawakondera masiku ano. Kalaliki wa kuchipatala anati malo ndi ochepa, amathera ana a m'tauni. Mkulu wa mpingo anangondisisita pamsana n'kunena m'Chitonga, "Tirombengi waka," kuti tizingopemphera. Palibe ankadziwa. Koma munthu wa tayi sangavomere umbuli atakhala pa kaliyala wa munthu wosaphunzira. Ndikaweruka ndinkapatsira bambo zonsezi, iwo n'kutolamo zokoma zokhazokha.

Mvula ya chaka chimenecho inagumula kamlatho ka pamsewu wolowera ku Limphasa, ndipo kunabwera okonza. Pakati pawo panali injiniya, mayi wachitsikana wa chipewa choyera, amene amuna onse pamalopo ankamumvera. Tsiku lina galimoto yawo itachedwa, anakwera njinga yanga. Ndinadziwa kuti ndapeza mwini nkhani, ndipo ndinamuyalira zonse.

"Mapointiwo ndi abwino zedi," anatero. "Fizikisi anakhoza bwanji?"

"Sanalembe, madamu. Aphunzitsi ake anawasamutsa iye ali folomu thuu, sikunabwerenso ena."

"Nanga kemisitiri?"

"Nayonso ayi. Sukulu yawo ndi yoyendera, labu kulibe."



"Pepani achimwene. Popanda maphunziro awiriwo, dzina lake saliyang'ana n'komwe. Sikuti apikisana n'kugonja ayi. Mumpikisanomo mulibemo."

Ndinafunsa ngati mlongo wangayo angabwereze sukulu. Anati n'zotheka, atapeza sukulu yogonera komweko yokhala ndi labu, n'kuyambiranso folomu fili. Anazinena mwaulemu, koma anali ataona kale matayala anga osokedwa ndi ulusi.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikaganiza ndimapsabe. Miyezi yonseyo ine ndinkayeza kuchepa kwa khomo, pamene mwanayo anamutsekera kunja kalekale, tsiku limene mphunzitsi mmodzi anakweza katundu wake pa lole. Palibe anabwera kudzatiuza. Ife tinkangogula makandulo kuti aziwerenga.

Mlongo wangayo ndinamupeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga wa ganyu. Ndinazungulirazungulira, kenako ndinangomuuza mmene anandiuzira mayi uja. Sanasiye kupeta.

"Ndinadziwa kale, achimwene. Aphunzitsi a masamu anandiuza ndili folomu fili."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Ndikananena, mukanachita chiyani?"

Panalibe chimene tikanachita, ndipo tonse awiri tinkadziwa.

"Ndiwauza ndine bambo," ndinatero.

Apo m'pamene anaika lichero pansi. Anati bambo amalawirira kumitengo chifuwa chikuwavuta, kapitawo akuwakalipira ngati mwana, ndipo chimene chimawadzutsa m'mawa ndi nkhani imeneyi basi. Analankhula osalira, ngati akunena za mwana wa eni. Ine ndi amene maso anandiwawa.

"Muzingofunsabe anthu anuwo, achimwene," anatero akutola lichero lija. "Mukasiya, adziwa."

M'mawa mwake ndinanyamula bambo wina wa jekete ndi chikwama chachikopa. Titadutsa pamsika ndinamufunsa ngati mtsikana wa mapointi abwino angalowe uinjiniya. Anati angalowe bwinobwino, ndipo madzulo ndinakawauza bambo.