Mavoti a Njati ku Patan

Mayi Ujeli Maharjan ajambula makatuni mumzinda wa Patan kwa zaka makumi atatu. Ntchito yawo ndi ya zithunzi zapakati: wina akajambula mwendo uli m'mwamba, wina uli pansi, iwo amadzaza zotsalazo kuti mwendowo uyende. Dzina lawo linali lisanamvekepo.

Kwa nyengo zinayi za mvula, akaweruka, ankajambula kanema wawowawo wa njati yoweta yolima yomwe inakana kutuluka m'matope tsiku lookera mpunga. Mpunga utacha m'chigwa, anakamupereka ku mpikisano wa bungwe la ojambula.

Aliyense ankadziwa mmene mphoto imayendera. Kampani ya a Dhiraj Pradhan inali ndi antchito makumi asanu, onse ovota, ndipo chaka ndi chaka ankachonga kanema wa abwana awo.

Tsiku la mpikisano, makanema ataonetsedwa, anthu anapatsidwa mapepala ndi mapensulo. Koma wojambula ukamupatsa pensulo, dzanja silikhala phee. Bokosi la mavoti litatsekulidwa, mapepala oposa theka analibe chochonga. Anali ndi njati zojambula: ina itagona, ina ikuyasamula.

"Awa ndi mavoti owonongeka," anatero a Bimala Shakya, apampando. "Lamulo likuti kuchonga."

Popanda mapepalawo, mphoto inali ya a Dhiraj. Mayi Ujeli anaimirira.

"Achemwali, m'makanema onsewa njati zinalimo zingati?"

"Imodzi."

"Nanga mwasokonezeka pati? Kapena mukuyesa ndi chithunzi cha amuna anu?"

Holo yonse inafa nacho chiseko, ndipo a Bimala anabisa nkhope kuseri kwa pepala. Atapezako mpweya anafunsa ngati alipo wotsutsa kuti njatizo ziwerengedwe. Maso onse anapita kwa a Dhiraj. Iwo ankangoyang'ana nsapato zawo.

Njati inapambana ndi kusiyana kwa mavoti asanu ndi awiri. Atavekedwa nkhata ya maluwa, mayi Ujeli anapempha mapepala aja n'kuyamba kuwaona limodzilimodzi, monga amachitira ndi ntchito ya ophunzira. Pa lina anaima.

"Iyi ili ndi miyendo isanu. Wajambula ndani? Abwere Lolemba ndidzamuphunzitse."

Kenako pampando wakutsogolo a Dhiraj anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Ndinali pachangu, mayi," anatero. "Ndimaopa kuti anyamata anga andiona."